Katauni ka anthu 4,000 komwe kanalanda Stanley Cup: chiyambi cha Kenora Thistles

Ku Canada kuli katauni kena dzina lake Kenora, kali m'mbali mwa nyanja ya Lake of the Woods, chakumadzulo kwenikweni kwa chigawo cha Ontario. Mu Januwale 1907 anyamata a katauni kameneka anakwera sitima ya pamtunda ulendo wa pafupifupi makilomita 2,000 kupita ku Montreal, komwe anakathidzimula akatswiri a dziko lonse ndikubwerako atanyamula Stanley Cup, chikho chachikulu kuposa zonse pa masewero a hockey ya pa ayezi. Nthawi imeneyo Kenora inali ndi anthu pafupifupi 4,000 basi, ndipo mpaka lero palibe tauni ina yaying'ono choncho yomwe inatengako chikhochi. Koma patangotha miyezi iwiri chikho chinapita, chaka chisanathe timu yomwe inali itatha. Ine chomwe chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi chakuti chinthu chomwe chinawakweza ndi chomwenso chinawagwetsa, nde tiyeni tiyambe kumayambiliro kuti zimveke.

Choyamba dzina la Kenora linabwera mochedwa. Poyamba malowa ankatchedwa Rat Portage, kutanthauzira dzina lomwe eni nthaka, anthu a mtundu wa Ojibwe, anapereka kalekale azungu asanafike. Rat yo sikhoswe wa m'nyumba ayi, ndi kanyama ka m'madzi kotchedwa muskrat komwe kanali kambiri kumeneko, ndipo portage ndi malo omwe anthu amatsika m'bwato ndikulinyamula pamutu kudutsa pamtunda chifukwa madzi apa ndi osadutsika. Kampani ya Hudson's Bay inali ndi malo ogulira zikopa pamenepo. Tauni inakula njanji ya Canadian Pacific itadutsa cha m'ma 1880, kenako kunabwera makina ochekera matabwa, zigayo zikuluzikulu za tirigu ku Keewatin chapafupi pomwepo, komanso migodi ya golide yomwe inakoka anthu ofuna kulemera msanga. Mpaka zigawo ziwiri, Ontario ndi Manitoba, zinalimbirana tauniyi, mlandu unakagamulidwa ku London mu 1884 mokomera Ontario. Mu 1905 ndi pomwe anasintha dzina, anatenga Ke ku Keewatin, No ku Norman, kamudzi kena kapafupi, ndi Ra ku Rat Portage kupanga Kenora. Ndiye mukamva Rat Portage Thistles kapena Kenora Thistles musasokonezeke, ndi timu imodzi yomweyo.

Nkhani ya malire ija ili ndi ntchito apa. Pa pepala tauniyi ndi ya Ontario, koma mzinda waukulu wapafupi ndi Winnipeg wa ku Manitoba, makilomita 200 ndi pang'ono, pomwe Toronto ndi Ottawa ndi kutali kosasimbika. Choncho pa zamasewero Rat Portage inkayang'ana ku Winnipeg, ndipo ligi yomwe inkasewera inali ya ku Manitoba.

Tsopano gemuyo payokha, chifukwa ambiri a ife hockey yomwe tikuidziwa ndi ya pabwalo ija yothamanga ndi miyendo. Iyi amasewera pa madzi oundana, atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa ngati mpeni pansi pake, amazitcha ma skate, ndipo m'malo mwa mpira amamenya kambale kakuda ka labala kolimba kotchedwa puck. Kumeneko nyengo yozizira kumazizira mpaka kupitilira madigiri 30 pansi pa ziro, nyanja yonse imauma gwa moti ngolo ya akavalo imadutsa pamwamba, nde mwana aliyense bwalo ali nalo laulere kuseri kwa nyumba kwa miyezi ingapo. Malamulo a nthawi imeneyo anali osiyana ndi a lero. Timu inkakhala ya anthu 7 osati 6 ngati pano: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri omwe ankaima wina kutsogolo kwa mnzake, otsogolo atatu, ndi mmodzi wotchedwa rover yemwe analibe malo okhazikika, ankangopita kulikonse komwe kwavuta. Gemu inali ya zigawo ziwiri za mphindi 30, ndipo panalibe zosinthana osewera ngati lero, amene wayamba amalize pokhapokha atavulala. Kupatsira puck kutsogolo kunali koletsedwa, ukafuna kufika ku golo ya adani umayenera kuyenda nayo wekha kapena kupatsira m'mbali ndi kumbuyo. Zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri zofunika kwambiri pa nkhani yathu: liwiro linali chilichonse, ndipo sumafunika gulu la anthu 20, anyamata 7 abwino omwe amadziwana bwino anali okwanira kugwedeza dziko.

Gemu yoyamba yomwe inalembedwa ku Rat Portage inaseweredwa mu Febuluwale 1893, anaikonza ndi anyamata apachibale a banja la Hardisty omwe anali atangosamuka kuchokera ku Winnipeg. Chaka chotsatira, 1894, kalabu inakhazikitsidwa, ndipo dzina linapezeka kudzera pa mpikisano womwe anapambana kalipentala wina wa mtundu wa chi Scotland, Bill Dunsmore. Thistle ndi chomera chaminga chokhala ndi duwa lofiirira chomwe ndi chizindikiro cha dziko la Scotland. Osewera oyambawo anali akuluakulu a m'tauni, anthu oti kathumba kalipo, chifukwa palibe yemwe ankalipidwa, zida umagula wekha ndipo ulendo wa pa sitima umafuna ndalama komanso kujomba ku ntchito. Apa pali chinthu chomwe anthu amaiwala akamatamanda masewero osalandira malipiro: lamulo loti wosewera asalandire kanthu linkakomera anthu opeza bwino, munthu wocheka matabwa tsiku lonse zinali zovuta kuti ataye masiku a ntchito chifukwa cha gemu.

Ndiye panali tiana tomwe tinkazungulira pa bwalo kumaonerera akuluakuluwo, ena azing'ono awo enieni. Anawa anapanga timu yawoyawo ya achisodzera, ndipo mu 1896, ali ndi zaka zapakati pa 12 ndi 16, anapempha gemu ndi timu yaikulu ya tauni. Akuluakulu anavomera, kenako anagonja, ndipo sikuti anagonja mwangozi, anawo anali othamanga kwambiri moti madoda sankawapeza. M'zaka zochepa zotsatira anawo analowa m'malo mwa akulu aja mmodzimmodzi mpaka timu yonse inakhala yawo. Mayina ake ndi awa omwe mudzawamve kulikonse akamakamba nkhaniyi: Tommy Phillips ndi Tom Hooper, onse obadwira ku Rat Portage komweko mu 1883, Si Griffis yemwe anabadwira ku Kansas ku America chaka chomwecho koma anakulira ku Rat Portage, Billy McGimsie wamkuluko pang'ono wa mu 1880, ndi Roxy Beaudro. Taganizani, anyamata oti akhala akusewera limodzi kuyambira ali ku pulayimale, wina akangopendeka phewa mnzake wadziwa kale komwe puck ikupita. Ma timu a ku Ottawa ndi Montreal anali ndi anthu ambiri osankhapo, koma chinthu ichi chokulira limodzi analibe, ndipo sichigulidwa.

Kuti mumvetse mmene katauni kotere kanafikira pa chikho cha dziko, muyenera kudziwa mmene Stanley Cup inkayendera kale. Chikhochi anapereka ndi Lord Stanley, bwanamkubwa wa Canada woimira mfumukazi ya ku Britain, mu 1892, ndipo timu yoyamba inalandira mu 1893. Sichinali cha ligi imodzi. Chinali m'manja mwa akuluakulu awiri ochiyang'anira, ndipo timu iliyonse yomwe yapambana ligi yake yaikulu inkatha kulemba kalata kunena kuti ife tikufuna tikumane ndi omwe asunga chikho. Oyang'anirawo akavomera, basi mumakwera sitima kupita kwawo kwa akatswiriwo, mumasewera magemu awiri kapena atatu, mukapambana mumanyamula chikho kupita nacho kwanu ndipo ena amayamba kukulemberani inu makalata. Khomo linali lotsegula kwenikweni. Mu Januwale 1905 mpaka timu ya ku Dawson City, kumpoto kwenikweni ku Yukon, inayenda ulendo wa milungu ingapo, pena wapansi, pena pa njinga, pena pa ngolo zokokedwa ndi agalu, kenako sitima ya pamadzi ndi ya pamtunda, kukafika ku Ottawa komwe inakagonja 9-2 ndi 23-2, Frank McGee wa Ottawa yekha kumwetsa zigoli 14 gemu imodzi. Nde anthu akum'mawa, ku Ottawa ndi Montreal, anali atazolowera kuti timu zochokera kutchire zimabwera kudzangokwapulidwa.

Thistles inakwera kulowa ligi ya akuluakulu ku Manitoba mu 1902, inapambana ligiyo, ndipo mu Malichi 1903 inapita ku Ottawa kukayesa mwayi koyamba. Ambiri mwa iwo anali asanakwane ndi zaka 21 zomwe. Ottawa imeneyo ndi ija inkatchedwa Silver Seven, yomwe inasunga chikho kuyambira 1903 mpaka 1906, anthu amatupi akuluakulu osewera mwankhanza. Thistles inagonja 6-2 ndi 4-2. Komanso inapita yopanda Tommy Phillips, chifukwa iye anali atapita kusukulu ku McGill University ku Montreal, komwe anasewerera Montreal Hockey Club, kenako anasamukira ku Toronto nkusewerera Marlboros. Ichi chinali chizindikiro choyamba cha vuto lomwe tauni yaying'ono ili nalo, mwana wako waluso kwambiri sukulu ndi ntchito zimamukokera ku mzinda.

Koma Phillips anabwerera kwawo kumapeto kwa 1904, ndipo goloboyi wa Marlboros, Eddie Giroux, anabwera naye limodzi. Phillips ankasewera ku phiko lakumanzere, anali ndi liwiro komanso shoti yoopsa, koma chomwe anthu a nthawi yake ankamutamanda nacho kwambiri ndi chakuti akaluza puck ankathamanga kubwerera kukathandiza kumbuyo, osati kumangoima kutsogolo kudikira. Ambiri ankamuika pamodzi ndi McGee ngati osewera awiri apamwamba m'dziko lonse. Atabwera iyeyu timu inasinthiratu, ndipo mu Malichi 1905 anabwereranso ku Ottawa.

Magemu atatu a 1905 amenewa ndi omwe amakambidwa kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe Thistles yeniyeni, ya ana a tauni, inaonetsa chomwe inali. Gemu yoyamba anaisambitsa chokweza Ottawa pakwawo pomwe, 9-3, Phillips yekha zigoli zisanu. Anyamatawa ankavala ma skate amtundu watsopano, opepuka, achitsulo chopyapyala, omwe pa ayezi wolimba ankangouluka. McGee gemu imeneyo sanasewere chifukwa anali wovulala. Gemu yachiwiri itafika bwalo linapezeka lili lofewa, madzi ali thapwi pamwamba, ndipo nkhani yomwe inafala ndipo ikukambidwabe mpaka lero ndi yoti eni bwalo anathira madzi dala gemu itatsala pang'ono kuyamba kuti zitsulo zopyapyala zija zizimira. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo makina oumitsa ayezi m'mabwalo amenewa kunalibe, zonse zinkadalira nyengo, ndipo Malichi ndi nthawi yomwe kumayamba kutentha, nde ayezi wofewa sichinali chinthu chachilendo. Kaya anathira kaya sanathire, chomwe chinachitika ndi chakuti liwiro la Thistles linafa, gemu inasanduka yogundana matupi, Ottawa inapambana 4-2 McGee atabwerera. Yachitatu inali ya ndiwe ndani ndiwe yani, Phillips anagoletsa zitatu, McGee nayenso zitatu kuphatikizapo chomaliza chakumapeto, 5-4. Chigoli chimodzi chokha. Mukaphatikiza zigoli za magemu onse atatu Thistles inali ndi 15, Ottawa 12, koma mgwirizano unali woti wopambana magemu awiri ndiye watenga.

Mu nyengo ya 1905-06 anapambananso ligi ya Manitoba, tsopano akutchedwa Kenora, koma nthawi inali itatha kuti apite kum'mawa ayezi asanasungunuke, choncho mwayi wawo unasunthidwa kufika Januwale 1907. Ndipo m'miyezi yodikirayo zinthu zinasintha kwambiri pa masewerowa.

Nkhani yake ndi ya ndalama. Kuyambira 1904 kunali ligi ina yomwe inkalipira osewera poyera, International Professional Hockey League, yokhala ndi matimu m'matauni a migodi ya kopa ku Michigan monga Houghton ndi Calumet, komanso Pittsburgh ndi Sault Ste. Marie. Osewera abwino a ku Canada anayamba kuthawira kumeneko. Ku Canada komweko makalabu ambiri anali akulipira kale mobisa, pena envelopu, pena kumupezera mnyamata ntchito yabwino yoti sakagwira kwenikweni, uku pakamwa akunena kuti ife ndi osewera mongodzipereka. Mabwalo anali akudzaza anthu olipira pakhomo, ndiye osewera anayamba kufunsa kuti ndalama zonsezi zikupita kwa ndani pomwe mano akuguluka ndi athu. Pofika nyengo ya 1906-07 ligi yaikulu yakum'mawa inavomera kuti olipidwa azisewera limodzi ndi osalipidwa, ndipo ligi ya Manitoba nayo inatsegula chitseko chomwecho. Ndiye tikamati Thistles inali timu ya osewera osalipidwa, zimenezo ndi zoona pa zaka zake zoyambilira, koma pofika ulendo wa 1907 nayonso inali italowa m'madzi omwewo. Inabwereka anthu awiri ku timu ya Brandon, Art Ross ndi Joe Hall. Hall sanasewere magemu a chikhowo, koma Ross anasewera kumbuyo ndipo analandira madola 1,000 pa magemu awiri okha, ndalama yoti wantchito wamba nthawi imeneyo chaka chonse samaipeza.

Omwe anali ndi chikho tsopano anali Montreal Wanderers, omwe analanda kwa Ottawa mu 1906. Timu yoopsa, muli Lester Patrick, Hod Stuart, Ernie Russell, Moose Johnson ndi goloboyi Riley Hern, ndipo nyengo imeneyo mu ligi yawo anapambana magemu onse 10. Ulendo uno mgwirizano unali wa magemu awiri kuphatikiza zigoli, ndipo kunali pakati pa Januwale, ayezi ali gwa. Pa 17 Januwale Kenora inapambana 4-2, zigoli zonse zinayi Phillips. Pa 21 Januwale Kenora inatsogola kwambiri, koma Wanderers inabweza chimodzichimodzi mpaka 6-6, bwalo lonse la Montreal likusokosera, kenako chakumapeto Kenora inamwetsa ziwiri, 8-6. Phillips zitatu gemu imeneyo. Zonse pamodzi 12-8. Nthawi imeneyo wailesi kunalibe, anthu otsala kumudzi ankatsatira magemu otere kudzera pa matelegalamu, wina amawerenga mokweza uthenga ukangofika gulu likumvetsera. Mwa anthu 7 omwe anali pa ayezi, asanu anali ana aja anakulira limodzi ku Rat Portage: Phillips, Hooper, Griffis, McGimsie ndi Beaudro. Zaka 11 chigonjetsereni akuluakulu awo. Mawu olembedwa a chipambano chimenechi, ndi zigoli 12 kwa 8, anazokotedwa mkati mwa mbale yeniyeni ya chikhocho osati pansi pake pomwe pamalembedwa ambiri.

Mavuto anayamba asanafike ndi kwawo komwe. Ali kum'mawa komweko anasewera magemu achionetsero, chifukwa ulendo wotere umadya ndalama ndipo pakhomo ndi pomwe zimabwerera, ndipo m'magemu amenewa McGimsie anavulala phewa moti sanadzasewerenso. Hooper nayenso anavulala nyengo isanathe. Apa ndi pomwe kuchepa kwa tauni kunaonekera poyera. Anyamata 7 ndi okwanira kutenga chikho, koma awiri akagwa, m'tauni ya anthu 4,000 wachisanu ndi chitatu wa msinkhu umenewo umupeza kuti? Ross ndi Hall anali atabwerera ku Brandon kwawo. Akuluakulu a timu anachita zomwe aliyense nthawi imeneyo ankachita, anatulutsa ndalama. Anatenga Fred Whitcroft ku Peterborough, kenako nyengo ya kum'mawa itatha anatenga Alf Smith ndi Harry Westwick, anthu a Ottawa, inde Ottawa yomwe ija inawaliza mu 1903 ndi 1905. Ndi thandizo la amenewa anagonjetsa Brandon pa magemu olimbirana ukatswiri wa ligi, chikho chinakhalabe ku Kenora.

Wanderers inali italemba kale kalata yofuna kubweza chipongwe, ndipo itamva za Smith ndi Westwick inadandaula. William Foran, yemwe ankagwirizira udindo woyang'anira chikho, anagamula kuti awiriwa asasewere chifukwa nyengo yonse anasewerera timu ina. Ku Kenora anthu anapsa mtima, mfundo yawo inali yoti matimu akum'mawa akhala akuchita zomwezi ndipo palibe anawaletsa, bwanji lamulo likuuma lero pomwe chikho chili kwa ife. Pali nkhani yomwe imakambidwa yoti mkulu wina wa timu anaopseza kuti bola akachiponye chikhocho mu Lake of the Woods kusiyana ndi kusewera opanda anthu awo. Panalinso mkangano wa bwalo. Mwamwambo wosunga chikho amasewera pakwawo, koma bwalo la ku Kenora linali laling'ono, anthu olowa ochepa, ndalama za pakhomo zochepa, ndipo Wanderers inkafuna Winnipeg. Mapeto ake matimu awiriwa anagwirizana okha: Smith ndi Westwick asewere, koma magemu akachitikire ku Winnipeg.

Ine pamenepa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri. Anthu a tauni omwe anawaona anyamatawa akukula, omwe ankasonkha kuti timu iyende, magemu aakulu omaliza oteteza chikho anakachitikira kwa eni, makilomita 200 kutali, chifukwa bwalo lawo silikanabweretsa ndalama zokwanira. Ndipo sindikuwada akuluakulu a timu pa chisankho chotenga anthu a Ottawa, akanapanda kutero akanalowa m'bwalo ndi ana osakhwima kukakumana ndi Hod Stuart. Koma zoona zake ndi zakuti timu yomwe inatsika pa ayezi ku Winnipeg siinalinso ija ya ana a m'mbali mwa nyanja. Pa 23 Malichi Wanderers inapambana 7-2. Pa 25 Malichi Kenora inapambana 6-5, koma sizinakwane. Zonse pamodzi 12-8, chimodzimodzi ndi za Januwale, kungoti ulendo uno zatembenuka. Miyezi iwiri ndi masiku ochepa, palibe timu ina yomwe inasunga Stanley Cup nthawi yaifupi chonchi.

Zotsatira zake zinabwera mwachangu. Tsopano aliyense anali akudziwa mtengo wa mnyamata wa ku Kenora, ndipo Kenora sikanatha kulipira mtengowo. Phillips anasaina ku Ottawa pa ndalama zoposa madola 1,000 pa nyengo imodzi. Hooper anapita kum'mawa ndipo anakathera ku Montreal, mpaka kuvala yunifolomu ya Wanderers yomwe. Griffis anasiya kaye kusewera nkusamukira ku Vancouver. McGimsie phewa lija. Nyengo ya 1907-08 itayamba Thistles inalowa m'bwalo ndi achisodzera, inagonja moipa gemu yoyamba, ndipo inatuluka mu ligi. Basi, kuthera pomwepo. Panalinso china, golide uja yemwe anakoka anthu m'ma 1890 anali atazilala, tauni siinkakula ngati Winnipeg, nde panalibe chiyembekezo choti mawa bwalo lalikulu lidzadzaza.

Ndipo sinali Kenora yokha. Matauni ena ang'onoang'ono anayesa kulimbana ndi mizinda pogwiritsa ntchito ndalama za eni migodi, monga Renfrew, Cobalt ndi Haileybury cha m'ma 1910, Renfrew mpaka inagula akatswiri okhaokha, koma chikho sinachione ndipo patangopita zaka zochepa onse anagwa. Stanley Cup itasanduka ya olipidwa, Sir Montagu Allan wa ku Montreal anapereka chikho china, Allan Cup, kuti osewera osalipidwa akhale ndi chawo, ndipo kumeneko ndi komwe matimu a m'matauni ang'onoang'ono anathawira. Zolemberana makalata zija zinatha isanafike 1915, ligi yaikulu ya olipidwa ya National Hockey League (NHL) inabadwa mu 1917, ndipo kuyambira chakumapeto kwa m'ma 1920 chikho chakhala cha ligi imeneyo yokha. Lero kuti timu ipikisane nawo pamafunika mzinda, bwalo la anthu masauzande ambiri ndi ndalama zankhaninkhani. Mpata womwe Thistles inadutsamo unali wa zaka zochepa kwambiri, pomwe njanji inali itafika kale kuti timu ya kutali iyende, koma ndalama zisanafike poti nkugula aliyense.

Dzina la Thistles silinafe ku Kenora, lakhala likugwiritsidwa ntchito ndi matimu ena a m'tauniyo, ya achisodzera inafika mu fainolo ya Memorial Cup, chikho cha achisodzera, mu 1940 nkugonja kwa Oshawa, ina inapita kukasewera ku Japan mu 1954. Art Ross uja wobwereka anadzakhala mkulu wa timu ya Boston Bruins kwa zaka zambiri, ndipo mphoto ya wosewera wopeza mapointi ambiri mu NHL ili ndi dzina lake. Joe Hall anamwalira ndi chimfine choopsa chija cha 1919 ali pa fainolo ya Stanley Cup ku Seattle.

Anayi mwa ana asanu aja, Phillips, Griffis, Hooper ndi McGimsie, analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerowa, Phillips m'gulu loyambilira lenileni la 1945. Griffis anadzabwerera pa ayezi ndipo anatenganso chikho mu 1915 ali kapiteni wa Vancouver Millionaires. Phillips yekha sanakhalitse, anathyoka kakolo mu 1908 ndipo liwiro lija silinabwererenso, anamwalira ku Toronto mu 1923 ali ndi zaka 40 zokha, magazi atalowa poizoni atamuzula dzino. Griffis anamwalira ku Vancouver mu 1950, Hooper ku Vancouver komweko mu 1960, McGimsie ku Calgary mu 1968. Mwa anayiwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsikira kulichete ali ku Kenora.